Kuyendetsa Galimoto Mwendo Utalumala

FUNSO: Ndimakhala ku Kawale, ndipo mwendo wanga wamanja unalumala pa ngozi. Kodi ndingapeze kuti ndalama zosinthira galimoto kuti ndiziyendetsa ndi manja okha?

YANKHO: Musanapite kwa makaniko, yambani mwapimidwa ndi dokotala ku Kamuzu Central Hospital, chifukwa kalata yake idzakuthandizani pokambirana za laisensi yanu ndi a Road Traffic. Galimoto ya otomatiki ndiyo yosavuta kusintha, popeza amangoikamo chogwirira pambali pa chiwongolero, chomwe mukachikankha chimagwira buleki, mukachikoka chimapatsa moto. Chipangizochi chisakhale chowotcherera mwachisawawa, chifukwa buleki si yoyesera. Pa nkhani ya ndalama, funsani a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi, kuti akulozereni mabungwe othandiza anthu aulumali, ndipo ngati muli membala wa SACCO, pemphani ngongole mutanyamula kalata ya dokotala ndi pepala la mtengo wa ntchitoyo.