Kuchoka pa nyanja youndana kulowa mu arena: yankho kwa mbale wa ku Minneapolis

Ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina amene akukhala ku Minneapolis, ku America. Akuti anaphunzira kutsetsereka pa ayisi kwa aneba awo, ndipo kuzizira kukafika amasewera hockey panja, pa nyanja zazing'ono zoundana za mumzindawo. Tsopano anzawo akuntchito awaitana kuti azikasewera usiku mu arena (bwalo la ayisi la m'nyumba), masewera aja amati pickup, amene munthu umangolipira kandalama pakhomo n'kulowa timu ya tsikulo. Funso lawo ndi lakuti: "Ndigule chiyani, ndipo kodi sindikachita manyazi?"

Achimwene, pitani. Munthu amene wazolowera ayisi wa panja, wokumbikakumbika ndi ming'alu yake, amakhala ndi miyendo yokhazikika komanso manja ofewa pa ndodo. Mu arena mukapeza ayisi wosalala amene galimoto ya Zamboni yangomuthira madzi kumene, puck (kamphira kophwatalala kamene timamenya ndi ndodo) ikuyenda mowongoka osadumpha. Kumbali imeneyo mulibe vuto. Chimene chidzakuvuteni mwina simunachiganize n'komwe, ndicho nthawi.

Panja paja mumasewera ngati mpira wachikulunga wa kumudzi: palibe wotuluka, watopa amangoima pang'ono n'kupumira pa ndodo yake, masewera n'kumapitirira mpaka zala zitachita dzanzi. Thupi lanu laphunzira kusunga mphamvu kuti zikwane maola awiri. Mu arena zinthu n'zosiyana. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu pa ayisi kuphatikizapo goloboyi wachisanu ndi chimodzi, ena onse ali pa benchi kudikira. Onsewo alipira ndalama yofanana ndi yanu, ndipo bwalolo labwerekedwa kwa ola limodzi kapena ola ndi theka basi. Belu likalira, gulu lina likulowa. Choncho mukalowa, thamangani ndi mphamvu zonse, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri mutuluke. Akatswiri a mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, amakhala pa ayisi pafupifupi masekondi 45 asanasinthane. Ife a pickup timapitirirako pang'ono, koma wofika mphindi zinayi akudya nthawi ya mnzake.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa ndaona mmene benchi imachitira. Mlendo akaphonya pasi, akagwa, ngakhale akagoletsa timu yake, anthu amamenya ndodo pa matabwa kumulimbikitsa. Koma akamakakamira pa ayisi, akungoyandama pakati pa bwalo kudikira puck, benchi imakhala chete, ndipo sabata yotsatira uthenga woitana anthu sumufika. Vuto lake n'lakuti wochokera panja sadziwa kuti akulakwa, chifukwa iye sakumva kutopa. Ngati patha mphindi ziwiri ndipo simukupuma wefuwefu, ndiye kuti simumathamanga mokwanira. Potuluka muziyang'ananso kumene puck ikupita. Tulukani pamene ikulowera ku golo ya adani. Mukatuluka adani akubwera kwanu, mwasiya anzanu anayi akulimbana ndi asanu. Mukamayandikira benchi fuulani malo amene mumasewera, kaya kumanzere, pakati kapena kumbuyo, kuti wolowa adziwe kopita.

Chachiwiri ndi khoma la matabwa lozungulira bwalo. Bwalo la ku America ndi Canada limatalika mamita 61, m'lifupi mamita 26, ndipo limathera pa khoma lolimba. Panja mukalephera kuima mumangokagwera m'chipale chofewa n'kudzuka mukuseka. Ambiri ophunzirira panja amakhota mozungulira m'malo moima, ndipo amene amatha kuima amatero mbali imodzi yokha. Musanapite ku pickup, funsani ku arena yapafupi nthawi imene amati stick and puck, pamene anthu amangoyeserera popanda masewera, mukaphunzire kuima mbali zonse ziwiri. Pothamangira puck ili pakona musalunjike khoma ndi mutu. Fikani mopendekera, mutu uli m'mwamba. Khomalo ndi bwenzinso: mukapanikizidwa, menyetsani puck pa matabwa ndipo idzadutsa mdani n'kukupezani kutsogolo.

Tsopano za zogula. Pa mpikisano wa U.S. Pond Hockey Championships, umene umachitikira pa Lake Nokomis kwanu komweko, amasewera anayi anayi opanda goloboyi, golo yake ndi kabokosi ka matabwa kokhala ndi timipata tiwiri, ndipo puck siloledwa kuuluka. N'chifukwa chake panja anthu amasewera atavala chipewa cha ulusi. Mu arena muli golo yaitali ndi goloboyi, ndiye aliyense amakweza puck. Kamphira kameneka kamalemera pafupifupi magalamu 170 ndipo n'kolimba moti kamathyola mano. Gulani helemeti yatsopano yokhala ndi chizindikiro cha HECC, bungwe lotsimikizira zovala zotetezera za hockey, ndipo muikepo waya wotchinga nkhope yonse. Mudzaona madoda ena akusewera nkhope ili pamtunda, musawatsanzire. Zotchinga misongolo, zigongono, mapewa, kabudula wokhuthala uja ndi magolovesi mutha kugula zakaunjika, masitolo ngati Play It Again Sports amagulitsa zotere. Chotetezera ziwalo zobisika za abambo musachiiwale. Ndikupemphaninso kuti mugule chotchinga khosi. Mu Okutobala 2023 Adam Johnson, mnyamata wa ku Minnesota amene ankasewerera Nottingham Panthers, anamwalira atachekedwa pakhosi ndi mpeni wa skate, chitsulo cha pansi pa nsapato yotsetserekera, pa masewera ku Sheffield, ku England. Chovalacho n'chotchipa poyerekeza ndi zina zonse m'chikwama chanu.

Ma skate anu akanoleni musanalowe. Ayisi wa panja amakhala ndi mchenga ndi tizinyalala timene timabunthitsa mpeni, ndipo pa ayisi wosalala mpeni wobuntha umaterereka cham'mbali. Onola akakufunsani kuya kwake, nenani theka la inchi, ndiko kumene ambiri amayambira.

M'chikwama muzikhala majezi awiri, yoyera ndi yakuda, chifukwa matimu amagawidwa pompo. Yotuwa kapena yachikasu isiyeni kunyumba, imasokoneza anthu popatsirana. Woyimbira sakhalapo. Ofusayidi mumadziimbira nokha, ndipo lamulo lake n'losavuta: puck iyambe kudutsa mzere wabuluu wa adani inu musanadutse. Kugundana dala ndi thupi sikuloledwa, ndipo magulu ambiri safuna kumenya puck mokweza ndodo m'mwamba anthu ali kutsogolo. Goloboyi mumusamale kwambiri. Amasowa, moti malo ambiri salipira n'komwe. Potenthetsa thupi musamuponyere kumutu, ndipo akaiphimba puck bwererani m'mbuyo, osamukolosa ndi ndodo.

Tsiku loyamba fikani mphindi 30 nthawi isanakwane, chifukwa kuvala zonsezi kumatenga nthawi kwa wosazolowera. Muyambe ndi zam'munsi ndi ma skate, zam'mwamba pambuyo. Mupeze amene amasonkhetsa ndalama, mumulipire musanavale, ndipo mumuuze kuti mwachokera kosewera panja. Mupemphe kuti akuikeni kutsogolo cha m'mbali, kumanzere kapena kumanja. Kumbuyo kumafuna munthu wotha kutsetsereka chafutambuyo mothamanga, ndipo zimenezo muzidzaziphunzira ku stick and puck miyezi ikamapita.