Kodi ndingaphunzitse ana za nyama zakutchire pomwe ineyo sindizidziwa mayina?

Mphunzitsi wina wakupulayimale watitumizira imelo yofunsa kuti: "Ndili ndi ana 45 m'kalasi, a zaka 8 mpaka 10. Ndimafuna azikonda nyama zakutchire, koma ineyo mbalame zimene ndimazidziwa mayina sizikwana n'khumi zomwe, ndipo sukulu yathu ili kutali ndi malo osungirako nyama. Ndichite maphunziro anji, nanga ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, nkhawa ya mayinayo iikeni kaye pambali. Maphunziro abwino a ntchito imeneyi sataya nthawi ndi kuloweza mayina. Amakuphunzitsani kuyendetsa gulu la ana panja, kuona ngozi isanagwe, komanso kufunsa mafunso omuchititsa mwana kuyang'anitsitsa. Odziwika alipo, monga Project WILD imene inayamba ku United States mu 1983, ndi GLOBE ya mu 1995, imene imaphunzitsa aphunzitsi a m'mayiko ambiri kuyeza ndi kulemba zimene ana aona panja. Koma kosi iliyonse musanalembetse, funsani kuti pa maola onse, ndi angati omwe mukakhale panja manja ali m'dothi. Akakhala osakwana theka, mukangobwerako ndi mapepala. Onjezaninso maphunziro a chithandizo choyamba.

Poyambira ndi pabwalo la sukulu pomwepo. Njovu mwana angaione kamodzi kokha pa ulendo wa sukulu, pomwe nyerere, akangaude, abuluzi ndi bongololo angathe kuzitsatira sabata ndi sabata.

Ntchito imene timaikonda kwambiri kwa oyamba kumene ndi msampha wa kapu. Pezani makapu apulasitiki akuya masentimita 10, awiri pa gulu lililonse. Boolani timabowo tiwiri kapena titatu pansi pake ndi singano yotentha. Kumbani kadzenje, lowetsani makapu awiriwo imodzi ili m'kati mwa inzake, kuti pochotsa yam'katiyo dzenje lisagumuke. Mlomo wa kapu ulingane ndendende ndi nthaka. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mlomo ukangotuluka pang'ono pokha, kachilombo kamagunda, n'kulambalala, ndipo m'mawa ana amapeza kapu ilibe kanthu. Ikanimo timasamba touma ndi dothi lodzaza supuni imodzi kuti tizilombo tipeze pobisala, apo ayi tolusa timadya tinzake usiku. Pamwamba ikani kathabwa kosanjikiza pa timiyala tinayi, kusiya mpata wa masentimita awiri, koteteza ku mvula ndi dzuwa. Tcherani masana poweruka, kaoneni m'mawa mwake, ndipo asapitirire maola 24. Lachisanu zulani makapu onse n'kukwirira maenje. Msampha woiwalika kumapeto a sabata umasanduka manda, ndipo phunziro limene ana amatengapo si limene munkafuna.

Zimene zagweramo zikhuthulireni m'beseni loyera, pamthunzi, ndipo muzisuntha ndi kabulashi kofewa, osati zala. Musanene dzina. Funsani kuti kali ndi miyendo ingati. Isanu ndi umodzi ndi gulu la nyerere ndi ziwala, isanu ndi itatu ndi la akangaude ndi zinkhanira. Bongololo ali ndi miyendo inayi pa mphindi iliyonse ya thupi lake ndipo amadya masamba owola, pomwe nankalizi ali ndi iwiri yokha pa mphindi, amathamanga, ndipo amaluma. Tcherani misampha ina pansi pa mtengo, ina pamtetete, ana awerenge n'kuyerekeza. Funso loti "n'chifukwa chiyani kuno zachuluka?" lidzachokera kwa iwo eni. Pakatha mphindi 15, zibwezeni pomwe munazitenga.

Mwana akakufunsani dzina lomwe simukulidziwa, nenani kuti simukulidziwa, ndipo mumuuze ajambule kachilomboko m'kope, alembe kukula kwake, mtundu wake ndi pomwe wakapeza. Inu tolani chithunzi, madzulo mukafufuze pa iNaturalist, pulogalamu ya pafoni yothandiza kuzindikira mayina a zamoyo poona chithunzi. Foniyo ikhale m'thumba pa nthawi ya phunziro, chifukwa ikangotchula dzina, maso a ana amachoka pa kachilombo.

Za mbalame n'zosavuta. Mwana aliyense akhale pamalo ake, mayadi atatu kutalikirana ndi mnzake, chete kwa mphindi zisanu, akulemba kadontho papepala mbali imene wamva kulira. Tsiku loyamba kudzakhala kuseka kokhakokha, musagwe mphwayi. Chitani m'mawa, pamalo omwewo, sabata iliyonse. Nyama zoyenda usiku mungazidziwe posalaza mchenga wonyowa pang'ono, mita imodzi mbali zonse, m'mphepete mwa mpanda, m'mawa n'kukayeza mapazi ake ndi lula.

Ana 45 pa munthu mmodzi panja ndi ochuluka. Agaweni m'magulu 9 a ana asanu, aliyense ndi ntchito yake: wolemba, wojambula, wowerenga, wonyamula beseni, woyang'ana nthawi. Mwana wopanda chochita ndi amene amayamba kugenda abuluzi. Pezani akuluakulu ena awiri okuthandizani, ndipo malire muwaonetse ndi chingwe kapena mitengo yooneka, musanatuluke mugwirizane chizindikiro chobwerera.

Malowo muyambe mwayendamo nokha tsiku lomwelo. Dziwiranitu ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi ululu wa njuchi. Dzanja lisalowe m'una kapena m'phanga la mtengo. Mwala autukule ndi wamkulu, pokokera kwa iye mbali yakutali, kuti mwalawo utchinge pakati pa iye ndi chimene chili pansi, kenako aubwezere mmene unalili popeza pansipo ndi pachinyontho pomwe tizilomboto timadalira. Mleme kapena nyama iliyonse yooneka yodwala kapena yofatsa modabwitsa isakhudzidwe, kuopa chiwewe. Chule ali ndi khungu lomwe limayamwa zinthu, choncho sopo kapena mafuta odzola otsalira m'manja amamuvulaza. Ndi bwino kumuonera m'beseni. Kumadera komwe kuli likodzo, ana asaviike manja m'madzi odikha. Chisa chokhala ndi mazira achionere patali. Pobwerera m'kalasi, onse asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.