Sabuwufa yodula, koma besi ikusowa pa sofa

Funso: Ndinagula sabuwufa (sipika ya besi yokhayokha) ya mainchesi 12, yotsekedwa mbali zonse, pa mtengo wokwera ndithu. Ndaiika pakona pabalaza lotalika mamita 4.3, la makoma a njerwa. Ndikakhala pa sofa besi imasowa, koma ndikayandikira khoma imagunda mpaka mawindo kunjenjemera. Kodi ndinagula chowonongeka? (Wowerenga wa ku Namiwawa, Blantyre)

Yankho: Musaibweze kaye, bambo. Vuto ndi chipindacho. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho funde la mawu a besi a 40 Hz (kunjenjemera ka 40 pa sekondi) limatalika mamita 8.6, kawiri kutalika kwa balaza lanu. Funde lotere likagunda khoma n'kubwerera, limakula kufupi ndi makoma, koma pakati pa chipinda limafafanizana ndi linzake. Njerwa zimabweza besi mwamphamvu kuposa makoma a matabwa. Sofa yanuyo mwina ili pakatikati penipenipo. Isunthireni kumbuyo ndi theka la mita mumve kusiyana.

Kenaka pezani malo oyenera sabuwufa. Iikeni pamene mumakhala, pa sofa pomwepo, ikani nyimbo ya besi gitala yoyenda manotsi ambiri, ndipo mukwawe m'mbali mwa makoma, mutu uli pansi. Pamene manotsi onse akumveka mofanana, popanda limodzi lofuula kuposa anzake, ndi pomwe sabuwufa ikhale. Pakona imamveka kwambiri, koma nthawi zambiri imangobangula noti imodzi.

Pa ampulifaya ikani crossover (malire a mawu opita ku sabuwufa ndi opita ku masipika ena) pa 80 Hz ndipo masipika akutsogolo akhale pa Small. Pa sabuwufa yeniyeniyo sankhani LFE (polowera mawu osefedwa kale ndi ampulifaya), kapena pindani batani la crossover mpaka pa nambala yaikulu kwambiri, kuti mawu asasefedwe kawiri. Lizani kamawu ka 80 Hz, wina azisintha phase (batani logwirizanitsa mafunde a sabuwufa ndi a masipika ena) pakati pa 0 ndi 180 inu muli pa sofa. Musiye pamene besi yamveka yodzaza. Mphamvu ya sabuwufa ifanane ndi ya masipika ena, pa 75 dB mukayesa ndi mita yoyezera kukwera kwa mawu.

Ambiri amakweza gain (batani la mphamvu ya sabuwufa) kuti akwirire dzenje la besi, pamene besi ikusowa paja. Sizitheka. Equalizer, yokweza kapena kutsitsa manotsi osankhidwa, imadula manotsi ofuula, koma pamene mafunde akufafanizana, kuwonjezera mphamvu kumangotenthetsa ampulifaya. Ngati malo abwino sakupezeka, masabuwufa awiri oikidwa mbali zosiyana amathandiza kuposa imodzi yaikulu. Ofuna kuona zonsezi pa kompyuta angagwiritse ntchito REW, pulogalamu yaulere yoyezera mawu m'chipinda, ndi maikolofoni ya UMIK-1.

Poyesa sabuwufa, mverani ng'oma ya phazi: igunde n'kuleka pomwepo, osakoka mchira. Kunjenjemera kwa mawindo ndi mbale za m'kabati kumaphimba besi yeniyeni, ndiye tsekani ndi timphira. Mukamva kung'ung'udza kosalekeza kwa 50 Hz, zulani chingwe cha dishi pa dekoda. Kukaleka, gulani ground loop isolator, kachipangizo koika pa chingwecho kothetsa kung'ung'udzako. Musadule mwendo wa earth pa pulagi, chifukwa ndiwo umakutetezani magetsi akalowa m'chitsulo cha sabuwufa.