Ayi, tchalitchi cha pa PIM sichimene anamanga Chilembwe

Achimwene, mwafunsa ngati tchalitchi chimene munachiona pa PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe ku Chiradzulu chija ndi chimene anamanga Chilembwe. Ayi, chimenecho ndi chachiwiri. Chimene anamanga John Chilembwe, chanjerwa zootcha, chinatha kumangidwa mu 1913, ndipo chinaphwasulidwa ndi asilikali a boma la atsamunda atangothetsa kuukira kwa pa 23 January 1915. Chilembwe mwiniwake anaphedwa pa 3 February.

Mpingo nawo unabalalika. Ena ananyongedwa, ena anamangidwa, otsala ankapemphera mobisa kapena kulowa mipingo ina. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anabwerera kudzaitsegulanso, ndiye tchalitchi chilipochi ndi cha m'nthawi yawo.

Ine ndinapitako pa 15 January chaka china, ndipo agogo ena anandilozera pomwe panali chakalecho. Koma nkhani za m'kamwa zimasiyana, aliyense amakokera kwa makolo ake, ndiye musamangozimeza.

Poti mukufufuza dzina la agogo anu aamuna, yambani mwafunsa abusa pamishonipo za mabuku a ubatizo. Zikakanika pitani ku National Archives ku Zomba, makamaka ndi katswiri wa mbiri yakale, chifukwa mafayilo a milandu ya 1915 ngovuta kuwatsata nokha.