Chifukwa chake anthu amatama Madvillainy

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji chimbale cha hip hop cha Madvillainy, cha woimba rap MF DOOM ndi wopanga mabiti Madlib, chimatamandidwa chonchi pomwe pawailesi simunachimvepo. Wailesi sikanachikwanitsa. Nyimbo zambiri sizifika mphindi zitatu, makolasi ndi osowa, DOOM amangothira mawu mpaka biti kuduka mwadzidzidzi.

Chinatuluka mu Marichi 2004 ku Stones Throw, kampani yaing'ono ya ku California. Mabiti ena Madlib anawapangira m'chipinda cha hotela ku São Paulo, pa kamakina ka SP-303 ndi malekodi akale. Mu 2002 chinafalikira pa intaneti chisanathe, awiriwa anakhumudwa n'kuchisiya kaye.

Pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka ku America, chinangofika pa nambala 179. Koma olemba za nyimbo anachilandira ndi manja awiri: webusaiti ya Pitchfork inachipatsa 9.4 pa 10, ndipo ngakhale magazini ya The New Yorker inachilemba. Iwo anamva mmene DOOM amalukira mawu ofanana kamvekedwe m'kati mwa mzere, osati kumapeto kokha.

Ine ulendo woyamba ndinachizimitsa pakati, sindinamve kanthu. Yambani ndi nyimbo ya "Accordion", usiku, mahedifoni ali m'makutu, mubwereze katatu.