Yankho la azakhali pagulupu: pempha kuti bambo ako achire

Mwana wanga, ndaliona funso lako lija waika pagulupu usiku. Ndikuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, komanso ndikufuna abale ako onse amve nawo. Wafunsa kuti, poti madokotala anena kuti impso za bambo ako zasiya kugwira ntchito ndipo azidalira makina osefa magazi, kodi n'koyenera kupempherabe kuti achire kotheratu, kapena tingoti "kufuna kwanu kuchitike" basi, kuopa kumuyesa Mulungu. Wanenanso kuti ukuopa kupempha chachikulu chonchi, chifukwa chikapanda kuchitika mwina chikhulupiriro chako chidzagwa.

Ine ndikuti pempha kuti achire. Usazungulire ayi. Tchula dzina lawo, tchula impso zenizenizo, umuuze Mulungu kuti ukufuna bambo ako adzuke, abwerere kumunda kwawo, adzaone ana ako. Amenewa ndi achimwene anga, tinayamwa bere limodzi, ndipo ine ndikupempha zomwezo mopanda manyazi.

Tsegula 2 Mafumu chaputala 20. Mfumu Hezekiya inadwala pafupi kufa, ndipo amene anabwera ndi uthenga woipawo sanali dokotala, anali mneneri Yesaya mwini wake, atatumidwa ndi Mulungu. Anamuuza kuti akonze za pabanja pake chifukwa afa, sachira. Tangoganiza iwe. Dokotala akakuuza, umatha kunena kuti ndikaonane ndi wina. Nanga Mulungu akanena, upita kwa yani? Koma Hezekiya sanapinde manja n'kuti zatha. Anatembenukira kukhoma, napemphera, namukumbutsa Mulungu m'mene anayendera pamaso pake mokhulupirika, nalira kwambiri. Yesaya asanatuluke n'komwe m'bwalo la nyumba ya mfumu, Mulungu anamubweza kuti kamuuze, ndamva pemphero lako, ndaona misozi yako, ndikuchiritsa, tsiku lachitatu ukalowa m'nyumba ya Yehova, ndipo ndakuwonjezera zaka 15. Palibe pamene Mulungu anamudzudzula kuti wapempha zopitirira muyeso. Misozi ija anaiona, ndipo anaitchula.

Ndiye pali mbali ina ya nkhani yomweyi imene alaliki ambiri amaidumpha, tamvetsera bwino. Atalonjeza machiritso aja, Yesaya anauza anthu kuti atenge nkhuyu zouma aziike pa chithupsa chimene chinkamudwalitsa mfumuyo, ndipo anachira. Mulungu wanena kale kuti achira, koma mankhwala anawapakabe. Kwa ife makina aja ndiwo nkhuyu zathu. Choncho pasapezeke munthu, kaya wa m'banja muno kaya wa kutchalitchi, wouza achimwene kuti kupita ku dayalisisi, kukasefetsa magazi pa makina paja, n'kuchepa chikhulupiriro. Munthu amene impso zake zaima, akadumpha masiku ake, madzi ndi zoipa zimadzadza m'thupi, miyendo imatupa, mpweya umabanika, ndipo mtima ukhoza kuima. Amakhala pa makina paja maola pafupifupi 4, amabwerako atatheratu, ndikudziwa, koma tsiku lawo likakwana apite. Zimene anawauza za kuchepetsa mchere ndi madzi akumwa azitsate. Za zitsamba zowiritsa zimene anthu ayamba kale kubweretsa kunyumba zija, ayi, chilichonse ayambe afunsa adokotala.

Ndikudziwanso kuti matenda akalowa pakhomo, ena amabwera ndi nkhani ya mneneri wakuti, eti tikagule madzi odzozedwa, eti tibzale mbewu ya ndalama zakuti kuti pemphero lifike msanga. Zimenezo ndikukana poyera pano, aliyense amve. Namani wa ku Siriya atachira khate lake mu Yordano anafuna kupereka mphatso kwa Elisa, Elisa anakana kwamtuwagalu. Amene anathamangira mphatso zija ndi Gehazi wantchito wake, ndipo khate lija linagwera iye. Ndalama imene tili nayo ipite ku thiransipoti ya kuchipatala ndi ku chakudya choyenera wodwala. Kupemphera n'kwaulere.

Tsopano za mawu aja akuti "kufuna kwanu kuchitike". Ndi mawu a Ambuye Yesu, ndipo ndi oyera. Koma taona m'mene Iye anawanenera ku Getsemane, pa Marko 14. Anayamba ndi kunena kuti Atate, zinthu zonse n'zotheka kwa Inu, ndichotsereni chikho ichi. Anapempha kaye, momveka, chinthu chimene ankachifuna, ndipo anabwerezabwereza usiku womwewo. Pambuyo pake ndi pamene anati, koma osati chimene ndifuna ine, koma chimene mufuna Inu. Ife timakonda kudumpha poyamba paja n'kuthamangira kumapeto, ndipo nthawi zambiri si chifukwa cha kudzichepetsa, ndi mantha. Timaopa kukhumudwa, ndiye timapempha pang'ono kuti tikamanidwa zisatipweteke kwambiri. Mulungu amaudziwa mtima wako, mwana wanga. Akudziwa kuti ukufuna bambo ako akhale ndi moyo. Ukumubisiranji?

Wati chikhulupiriro chako n'chochepa. Aaa, werenga Machitidwe 12 uone anthu amene Mulungu anawayankha. Herode anatsekera Petro m'ndende, n'kumuikira asilikali 16 oti azimulondera mosinthana. Usiku womaliza anagona pakati pa asilikali awiri, atamangidwa ndi maunyolo awiri, ena ali pakhomo. Mwa umunthu panalibe potulukira. Mpingo unali m'nyumba ya Mariya, mayi wake wa Yohane Marko, ukupemphera kolimba. Mngelo anabwera, maunyolo anagwa, chitseko chachitsulo cholowera mumzinda chinatseguka chokha. Petro anafika pa nyumba paja n'kugogoda. Mtsikana wantchito dzina lake Roda atazindikira mawu ake, chimwemwe chinamukulira mpaka osatsegula, n'kuthamangira m'kati kukanena. Ukudziwa anamuyankha chiyani anthu opemphera aja? Anati wapenga iwe. Atalimbikira, anati ndi mngelo wake ameneyo. Petro ali panja akugogodabe! Anthu amenewa anapempha chinthu chimene iwo eni mitima yawo sinakhulupirire kuti chingachitike usiku womwewo, koma Mulungu anachita. Ndiye usamadziyeze kuti kodi ndakhulupirira mokwanira. Mphamvu ili mwa amene ukumupemphayo. Bambo uja wa mwana wodwala pa Marko 9 anangofuula kuti ndikukhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo Yesu anamuchiritsira mwana wake.

Koma sindikunamiza, chifukwa ndiwe wamkulu tsopano. M'chaputala chomwecho cha Machitidwe 12, mavesi oyambirira, Herode anapha Yakobo m'bale wake wa Yohane ndi lupanga. Mtumwi mnzake wa Petro, mpingo womwewo, mfumu yomweyo. Wina anatuluka m'ndende, wina anaphedwa, ndipo Baibulo silinena kuti Yakobo anali wochepa chikhulupiriro. Paulonso anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, anayankhidwa kuti chisomo changa chikukwanira. Choncho ine sindingakulonjeze kuti bambo ako achira ndithu, ndipo aliyense wokulonjeza zimenezo m'dzina la Mulungu umusamale. Chimene ndikukana n'chakuti tisiye kupempha chifukwa choti mwina yankho likhala lina.

Anyamata atatu aja a pa Danieli 3, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, ndiwo amandilimbitsa ine pamenepa. Atayang'anizana ndi ng'anjo ya Nebukadinezara ananena zinthu ziwiri mpweya umodzi. Anati Mulungu wathu akhoza kutilanditsa ndipo atilanditsa. Kenako anati, ngakhale atapanda kutero, fano lanulo sitiligwadira. Sanachepetse choyamba chija pofuna kudzitchinjiriza, ndipo chachiwiricho sichinawagwetse mphwayi. Mantha ako aja akuti chikhulupiriro chidzagwa, yankho lake lili pamenepo. Ukamukhulupirira Mulungu chifukwa cha chozizwitsa chokha, tsiku la maliro udzamusiya. Ukamugwira Iye mwini, ukhoza kupempha chachikulu chilichonse, chifukwa ngakhale ayankhe mwina, Iye sakuchokera. Ife amayi a Chigwirizano taikapo anzathu m'manda amene tinawapempherera ndi misozi, ndipo taonaponso ena amene tinkati sawona mawa akudzuka n'kudzavalanso yunifolomu. Sitinasiye kupempha.

Ndiye popemphera usamupangire Mulungu njira imodzi yokha. Pempha kuti impso zidzuke. Pemphanso kuti makina asawonongeke, magetsi asazime ali pakati posefa, manesi akhale ndi mphamvu ndi mtima wabwino. Pali opaleshoni yoika impso ina, imene anthu athu amakachitira kunja, ambiri ku India, ndipo munthu wopereka amakhala bwinobwino ndi impso imodzi yotsalayo. Ndalama zake kwa ife n'zosayerekezeka, ndipo kaya achimwene ndi oyenera opaleshoniyo n'zonena madokotala, koma nachonso chitchule pamaso pa Mulungu. Usaiwale mayi ako. Iwo ndi amene akunyamula mtolo wonse usana ndi usiku, ndipo sadandaula pagulu.

Chimodzi ndikupempheni nonse. Mukamapemphera pamaso pa wodwalayo, musamuuze kuti akapanda kuchira ndiye kuti pali tchimo limene akubisa kapena sakukhulupirira. Munthu ali ndi ululu kale, musamusenzetse mlandu. Muwerengereni Salimo, muimbireni nyimbo zimene amazikonda, mugwireni dzanja, mupemphe machiritso mokweza iye akumva.

Tichite chonchi. Lachitatu lililonse tisale kudya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amene angathe. Achimwene asasale ayi, ngakhale atafuna, ndipo aliyense amene ali pa mankhwala kapena ndi woyembekezera asasalenso. Tizipemphera 5 koloko m'mawa aliyense kumene ali. Iwe ku Johannesburg nthawi yathu ndi imodzi, ndiye palibe vuto. Inu a ku UK onani kusiyana kwa maola, mukaona kuti kwanuko kukhala kuli usiku kwambiri, pempherani mukadzuka. Ine ndikauza abusa ndi amayi anzanga kuti Lamulungu likudzali tikachezere kunyumba. Za thiransipoti ya mwezi uno, amene ali ndi kangachepe atumize kwa mayi ako mwachindunji, asadikire kufunsidwa. Iwe ndikuimbira madzulo ukaweruka kuntchito, tipemphere limodzi pa foni.