Ukufuna kukayandama m'mlengalenga, koma masamu wapeza 38

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 wa ku Bembeke, m'boma la Dedza. Akuti chionereni pa foni ya mlongo wake vidiyo ya anthu akuyandama m'chombo cha m'mlengalenga, uku akuwakha madontho a madzi ndi pakamwa, mtima wake sunakhalenso m'malo. Akufuna adzakhale mmodzi wa iwo, ndipo wafunsanso kuti anthuwo amadya bwanji. Bambo ake akuti amenewo ndi maloto a chumba, adzachite unamwino basi, apo ayi fizi asiya kulipira. Chakumapeto wanena mongodutsa kuti teremu yatha anapeza 38 pa masamu, ndipo Kemisitiri amaijomba. Akufunsa chochita kuti akafike kumwambako.

Makalata otere ndimalandira chaka ndi chaka. Maloto amasiyana, koma 38 uja sasowa, ndipo nthawi zonse amabisidwa kumapeto.

Mwana wanga, sindikunamiza. Malawi alibe bungwe lotumiza anthu m'mlengalenga. NASA, bungwe la boma la America loona za m'mlengalenga, imalemba nzika za dzikolo zokha, zokhala ndi digiri yachiwiri ya sayansi, masamu kapena uinjiniya, ndipo mu 2021 pa anthu oposa 12,000 amene anafunsira idasankhapo 10. Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene anapita mu 2002, analipira yekha madola pafupifupi 20 miliyoni. Njira imeneyo kwa iwe ndi yotseka, ndipo wokuuza kuti ungolimbikira kulota akukutayitsa nthawi.

Komanso vidiyoyo inakuonetsa mphindi ziwiri zokoma. Chombo cha International Space Station chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo chimazungulira dziko lonse m'mphindi 90, moti dzuwa limawatulukira ka 16 pa tsiku. Anthu akhala akusinthana mmenemo kuyambira Novembala 2000. Amagona m'matumba omangirira kukhoma. Kusamba n'kudzipukuta ndi kansalu konyowa. Tsiku lililonse amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri, chifukwa mafupa osanyamula thupi amafooka mwezi ndi mwezi. Madzi amene amamwa ndi thukuta ndi mkodzo wawo womwe, wosefedwa ndi makina. Ndipo chimene chimawayandamitsa n'choti chombocho chimakhala chikugwa mozungulira dziko osafika pansi, phunziro lomwe lili mu Fizikisi ukuiona ngati chilangoyo.

Tsopano tifike pa chakudya, pakuti mpamene ndikufuna uimepo. Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita m'mlengalenga mu 1961, anadya nyama yopera yofinya m'kachubu konga ka mankhwala otsukira mano. Lero zinasintha, koma mavuto ake ndi omwewo. Buledi sapita naye, chifukwa nyenyeswa zimauluka n'kulowa m'maso ndi m'makina. M'malo mwake amadya timikate topyapyala ta ku Mexico tonga chapati. Mchere ndi tsabola amazisungunula kukhala zamadzimadzi. Madzi a m'thupi amakwera kumutu, mphuno zimatseka ngati munthu wa chimfine, chakudya chimazizira m'kamwa, n'chifukwa chake ambiri amakonda tsabola wowawa. Ndipo chakudya chambiri chimapita chouma, chochotsedwa madzi, chomatidwa m'mapaketi. Nthawi yodya amathiramo madzi otentha, kudikira pang'ono, kudula paketi ndi sizasi, n'kudya ndi supuni.

Kodi zimenezi sizikukukumbutsa kanthu? Agogo ako akafutsa nkhwani kapena khwanya, kuyanika pamphasa, n'kumanga chikwatu kuti ndiwo zifike mwezi wa Okutobala, akulimbana ndi funso lomwelo limene akatswiri a chakudya a NASA ku Houston amalimbana nalo: chakudya chikhale nthawi yaitali bwanji osaola, osataya michere yake, n'kumakomabe? Ulendo wa ku Mars ukufuna chakudya chotha kukhala zaka zisanu, ndipo funso limenelo silinayankhidwe mokwanira. Ngakhale mbatatesi imene bambo ako amalima inafika kale kumwambako: mu 1995 anaiyesa kulima m'chombo cha Columbia. Mu 2015 anthu a mu International Space Station anadya letesi wolimidwa momwemo. Amene anakonza zonsezi ambiri sanachokepo pansi pano. Ndi anthu a Kemisitiri, Bayoloje ndi zaulimi.

Ukadzadutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano nthawi imene tomato wachuluka, udzaime uone. Madengu ali mbwee m'mbali mwa msewu, mayi akutsitsa mtengo dzuwa likamapendeka, ndipo wotsalayo mawa ali phwetekere, ntchentche zili ng'waa. Kabichi chimodzimodzi. Thukuta la miyezi itatu likuthera m'ngalande. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa ana athu anzeru maso ali kumwamba pamene sayansi imene akuisirirayo ikusowa mwini pakhomo pawo. Ku Bunda, pa yunivesite ya LUANAR, kuli maphunziro a sayansi ya chakudya ndi kadyedwe koyenera, ndipo kuchokera ku Dedza si ulendo wogona panjira. Munthu wotuluka kumeneko amagwira ntchito m'mafakitale opanga zakudya, m'mabungwe olimbana ndi kunyentchera kwa ana, kapena kuyambitsa yekha ntchito youmitsa ndi kusunga zokolola. Ngati makina ndi amene amakukoka mtima, uinjiniya uli ku mayunivesite a MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo. Koma ine, poona mmene walembera za chakudya cha anthu aja mizere isanu yathunthu, ndikuti Bunda.

Ndipo inu bambo, mundimve. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka, koma kuopseza mwana ndi fizi si uphungu. Mwana wolowa ntchito ya chipatala mokakamizidwa ndi amene mawa adzakalipira odwala. Chinanso, simunaone kuti unamwino womwewo umafuna masamu, Bayoloje ndi sayansi zomwezo? Mukukangana za denga maziko asanakumbidwe. Mukadamufunsa za 38 uja musanafunse za maloto ake.

Iwe mwana, chidwi uli nacho, ndipo ndi ochepa a msinkhu wako amene amafunsa kuti munthu amadya bwanji kumene supuni imayandama. Chimenecho sindikuchinyoza. Koma MANEB sidzakufunsa za vidiyo. Watsala ndi chaka ndi miyezi kuti ulembe MSCE, ndipo NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, posankha opita ku yunivesite idzayang'ana magiredi ako a masamu ndi sayansi. Bweza foni ya mlongo wakoyo, pita kwa aphunzitsi a Kemisitiri ukawauze poyera kuti unkajomba, upemphe mapepala a mayeso akale, ndipo masamu uziwerengera tsiku lililonse, ngakhale Loweruka pobwera kudimba. Teremu ikatha undilemberenso, ndipo giredi ya masamu uyilembe pamzere woyamba.